Phunziro: Kukopa Ogula Atsopano pa Geni Yathu

CHOLINGA CHA PHUNZIRO

Pomaliza phunziro lino aliyense athe:
(a) kutchula anthu amene angakhale ogula atsopano kuno kwa Makhuwira;
(b) kufotokoza zimene zimachititsa wogula kubweranso atatenga mnzake;
(c) kuzindikira misampha imene imapha mpamba pofuna kukopa anthu.

MAU OYAMBA

Abale ndi alongo, m'mabanja mwathu ambiri muli wina amene amachita geni. Wina ali ndi okala pakhomo, wina amakazinga mandasi kapena zitumbuwa, wina amagulitsa mlamba wouma, wina mpunga, wina amasoka zovala, wina amapalasa kabaza. Geni imeneyi ndiyo imagula sopo ndi mchere, imalipira zofunika za ana ku sekondale, ndiponso imagwira banja pamene munda wakokoloka ndi madzi. Koma dandaulo limene timamva kawirikawiri nlakuti: "Malonda sakuyenda. Ogula ndi omwe aja, sakuonjezekera."

Akuluakulu akukumbukira kuti kale wogula analibe posankha. M'zaka za m'ma 1970 boma linasamutsa amwenye a sitolo kuchoka m'midzi kupita m'mizinda, ndipo sitolo zinatsala zowerengeka. Zokolola zathu tinkagulitsa ku ADMARC. Mu 1987 boma linalola anthu wamba kuti azigula ndi kugulitsa zokolola monga chimanga ndi mpunga, ndipo kuyambira mu 1994 ochita geni anachuluka kwambiri. Lero pamsika umodzi mumapeza amayi khumi atandanda ndi tomato wofanana, pa mtengo wofanana. Tsopano wosankha ndi wogula. Nanga asankhe ife chifukwa chiyani?

Yankho la phunziro lino nlakuti: kumudzi kuno wogula watsopano amabwera ndi wogula wakale. Mlendo akafika amafunsa kuti, "Mpunga wabwino ndikagula kwa yani?" Dzina limene atchule woyankhayo ndilo limagulitsa malonda. Ntchito yathu nkuonetsetsa kuti dzina lotchulidwalo likhale lathu.

1. KODI OGULA ATSOPANO ALI KUTI?

Ambiri timaganiza kuti ogula athu ndi anansi a m'mudzi okhaokha. Tiyeni tiyang'ane bwino anthu amene amapezeka m'dera lathu.

Antchito olandira malipiro pa mwezi: aphunzitsi, azaumoyo, alangizi a zaulimi ndi apolisi. Anthu amenewa amasinthidwa malo kawirikawiri. Wofika kumene sadziwa kogula makala, ndiwo kapena kosoketsa malaya. Amene ayambe kumulandira bwino akhoza kumusunga kwa zaka zonse zimene adzakhale kuno.

Apaulendo: mseu wa East Bank wochokera pa Thabwa, wodzera ku Maperera, Livunzu ndi Nkhate mpaka ku Masenjere ndi Fatima, umanyamula madalaivala, anyamata a njinga zamoto ndi okwera awo. Awa alibe nthawi. Amafuna katundu womangiratu ndi chenje chofulumira.

Opikula ochokera ku Blantyre ndi ku Limbe: amatsata mpunga wa ku Nkhate, nsomba za m'dambo la Shire, nandolo ndi chitowe. Amagula zambiri nthawi imodzi, koma amafuna katundu wofanana kuyambira pamwamba pa thumba mpaka pansi.

Anansi athu a kumapiri a Thyolo: amatsika ndi zokolola zakumtunda. Akagulitsa, ndalama ili m'manja, ndipo amafuna chobwerera nacho, monga nsomba ndi mpunga.

Osonkhana: odikirira odwala pa chipatala, ana asukulu, oonerera mpira, opita kuchigayo, ndi olandira ndalama za Mtukula Pakhomo pa tsiku lao.

Gulu lililonse lili ndi chofuna chake, nthawi yake ndi malo ake. Munthu wa geni adzifunse kuti, "Pa magulu awa, ndi liti limene sindinalifikepo?" Asankhe limodzi, ayambe ndi lomwelo.

2. DZIWANI NYENGO YA NDALAMA

Ndalama m'dera lathu imayenda ndi nyengo. Kuyambira mwezi wa Meyi, pamene mpunga wakololedwa ndipo thonje likugulitsidwa, anthu amagula nsalu, ziwiya, malata ndi zipangizo za njinga. Nthawi yotsegulira sukulu makolo amafuna makope, zolembera ndi yunifolomu. Madzi akaphwa ndipo anthu ayamba kulima madimba, amafuna mbeu zamasamba, makasu ndi makeni othirira. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene m'nkhokwe mwatha, munthu sagula paketi yonse ya shuga. Amafuna ufa wa tsiku limodzi, mchere wa pang'ono ndi mafuta a m'kachubu.

Wogulitsa amene amakhala ndi katundu yemweyo chaka chonse amadabwa kuti anthu akumudutsa. Amene amakonzekera nyengo isanafike ndiye amalandira anthu oyamba, ndipo oyambawo ndiwo amauza anzao.

Njira yapafupi yodziwira zofuna za anthu ndi iyi: sungani kope, ndipo munthu akafunsa chinthu chimene mulibe, lembani. Pakutha pa mwezi onani chimene chafunsidwa kambiri. Chimenecho ndicho anthu akupitira ku Dyeratu, ku Nchalo kapena ku Limbe. Pikulani chochepa, muyese. Safunsa anadya phula.

3. MUYESO WOONA

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tonse tikudziwa chinyengo chimene chimachitika pamsika: mbale yoyezera yogogodedwa pansi kuti ilowe zochepa, sikelo yochunidwa, mulu wa tomato wokongola pamwamba koma woola pansi, nsomba zofumbwa zobisidwa pakati pa zabwino, mpunga wa Kilombero wosakanizidwa ndi wina wosanunkhira, nkumautchabe Kilombero.

Wochita zotere amaganiza kuti wachenjera. Koma tiyeni tiwerengere. Wopikula wa ku Limbe akatsegula thumba nkupeza mpunga wosakaniza, sabweranso. Sathera pamenepo: amauza anzake onse okwera nao galimoto. Motero phindu la tsiku limodzi lagula manyazi a zaka zambiri, ndipo dzina loipalo siligwera munthu mmodzi yekha, limagwera mpunga wonse wa ku Nkhate ndi alimi onse oona mtima. Paja akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Ife tomwe tikamagulitsa thonje, nandolo kapena mpunga timadandaula ndi masikelo a mavenda. Chimene chimatiwawa tikakhala ogulitsa zokolola, chimamuwawanso mnzathu akamagula kwa ife.

Tidziwenso kuti nkhaniyi ili ndi malamulo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa masikelo a malonda ndi kuikapo chizindikiro chake. Lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa kunamiza wogula za mtundu, kuchuluka kapena ubwino wa katundu, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula.

Tsono tichite chiyani? Yezani wogula akuona. Mloleni apise dzanja mpaka pansi pa thumba. Ngati muli ndi Kilombero ndi Faya, ikani m'matumba osiyana, uliwonse ndi dzina lake ndi mtengo wake. Tomato wofewa muikeni padera, mumgulitse motsika, ndipo nenani chifukwa chake. Munthu amene mwamuuza choona pa chinthu chaching'ono adzakukhulupirirani pa chachikulu.

4. UKHONDO NDIWO UMAITANA MASO

Munthu amayamba kugula ndi maso. Mlendo amene sakukudziwani amaweruza ndi zimene akuona: malo osesedwa, benchi loyera, chovala chochapa ndi chakudya chovindikira.

Tisaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 nkupitirira mpaka 2023. Unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'madera ena kugulitsa zakudya zophikaphika kunaletsedwa. Kuyambira pamenepo ogula ambiri amachenjera. Wogulitsa mandasi, tchipisi kapena nsima akhale ndi ndowa ya mpopi ndi sopo pamalo oonekera. Mandasi akhale m'chidebe chotseka, ndipo atengedwe ndi foloko, osati ndi dzanja limene langolandira ndalama.

Kuno ku chigwa dzuwa ndi lina. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 ngakhale kuposa. Masamba amafota, nsomba zaziwisi zimaonongeka msanga. Mangani kachisakasa ka mthunzi, pikulani zokwanira masiku ochepa, ndipo muikepo pokhala. Munthu amene wapeza mthunzi ndi madzi akumwa aukhondo sachoka msanga. A okala aziona tsiku lothera mphamvu pa katundu wa m'mapaketi ndi m'mabotolo. Lopitirira tsiku lichotsedwe.

5. KULANDIRA MUNTHU

Moni sagula, koma amagulitsa. Wogula akafika, imirirani kapena tembenukani, mumupatse moni woyenera msinkhu wake: "Takulandirani mayi", "Fikani bambo", "Agogo, tikuthandizeni chiyani?" Kuli ogulitsa amene wogula amachita kuwadikira kuti amalize bawo kapena nkhani ya pafoni. Wotere akupereka ogula ake kwa mnzake wa pafupi.

Samalani kwambiri anthu atatu awa. Woyamba ndi mwana wotumidwa. Mukampatsa nsomba yoipa kapena chenje chopereŵera poti ndi mwana, dziwani kuti mwanamiza mai ake, ndipo banja lonse lakuthawani. Wachiwiri ndi wosauka wogula zochepa. Amene lero wagula mchere wa K200 ndi yemweyo adzagule nsalu akagulitsa mpunga. Wachitatu ndi wobweza katundu. Mverani dandaulo lake mofatsa, ndipo ngati cholakwa chilipodi msinthireni. Anthu oonerera ndiwo ogula anu a mawa.

Dera lathu muli Amang'anja, Asena ndi Alomwe. Muli a mipingo yosiyana ndi a zipani zosiyana. Pa malonda onsewa ndi ogula. Musasandutse okala kukhala bwalo la ndale, ndipo musasankhe munthu kaamba ka nsalu ya chipani imene wavala. Chisankho chimabwera nkupita, koma geni imatsala.

Pomaliza, khalani wopezeka. Tsegulani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Munthu akayenda mtunda kawiri nkupeza potseka, ulendo wachitatu sabwera.

6. KUDZIDZIWITSA KWA ANTHU

Zonse zili pamwambazi zikakhala m'malo, tsopano mukhoza kuitana anthu. Izi sizilira ndalama zambiri.

Lembani chikwangwani chooneka bwino kuchokera pamseu, chonena zimene mumagulitsa. Lembaninso mitengo. Mlendo amaopa kufunsa poganiza kuti amukwezera poti ndi mlendo. Akaona mtengo wolembedwa amafika mosaopa.

Ngati mumagulitsa mpunga, upeteni bwino, muchotse miyala, muumange m'mapaketi a 1 kg, 2 kg ndi 5 kg, ndipo muikemo kapepala ka dzina lanu ndi nambala ya foni. Paketi imeneyo ikafika ku Ndirande kapena ku Bangwe imakulankhulirani inu muli kuno. Kuyambira pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, munthu wa kutali akhoza kulipira pafoni, inu nkutumiza katundu pa galimoto. Koma musatulutse katundu musanaone pa foni yanu kuti ndalama yalowadi, pakuti alipo akuba amene amatumiza mauthenga abodza.

Musadikire pamalo amodzi. Pitani kumene kuli anthu: pa tsiku la msika, pa bwalo la mpira, ku nyumba za aphunzitsi kumapeto a mwezi. Chinthu chatsopano lawitsani. Gwirizanani ndi a kabaza, pakuti iwo ndiwo amayamba kufunsidwa ndi alendo.

Ndipo musaiwale banyira. Tomato mmodzi woonjezera, kapena kansomba kamodzi, kamakhala m'mtima mwa wogula nthawi yaitali. Wogula wakale akakubweretserani mnzake, mthokozeni pamaso pa mnzakeyo ndipo muonjezereni kanthu. Kupatsa nkuika.

7. MISAMPHA ITATU

Pofuna kukopa anthu, ambiri agwa m'misampha iyi. Tiyeni tiione ndi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wina wapikula dengu la tomato pa K40,000. Wolinyamula wamulipira K4,000, chiphaso cha msika ndi majumbo K1,000. Zonse pamodzi waononga K45,000. Wapanga milu 60, koma 5 yaola ndi dzuwa. Akagulitsa milu 55 pa K1,000 apeza K55,000, ndipo phindu lake ndi K10,000. Ngakhale atapereka banyira wokwana milu itatu, atsalabe ndi phindu la K7,000.

Msampha woyamba: kutsitsa mtengo mosawerengera. Mayi uja akati akope anthu pogulitsa mulu pa K800, milu 55 imupatsa K44,000. Anthu adzadza pa benchi lake, tomato atha msanga, koma iye waluza K1,000 ndi tsiku lonse. Tikumbukenso kuti mitengo kopikula imasintha. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale analephera kudzazanso mashelefu ao. Poika mtengo funsani kuti, "Ndikapita kukapikulanso mawa, ndikalipira zingati?"

Msampha wachiwiri: ngongole. Mayi uja akakongoza milu 12, m'manja mwake mutsala K43,000, yosakwana kupikula dengu lina ndi kulipira wolinyamula. Choipa china nchakuti wokongola amachita manyazi, ndipo akapeza ndalama amakagula kwina kuti musamuone. Mwataya ndalama, mwatayanso wogula. Ngati mukongoza, ikani malire, lembani m'kope pamaso pa wokongolayo, ndipo mugwirizane tsiku lobweza. Achibale afotokozereni mwaulemu kuti mpamba ndi mbeu, sadya. Inunso musathamangire katapila pofuna kudzaza okala kuti aoneke wamkulu. Nkwabwino kukula pang'onopang'ono ndi ndalama ya ku banki m'khonde.

Msampha wachitatu: mankhwala okokera ogula. Alipo amene amapereka mbuzi kapena ndalama kwa sing'anga kuti malonda ayende. Ndalama imeneyo ikanagula sikelo yabwino kapena ndowa ya mpopi. Maganizo akuti chuma chimadza ndi zizimba abweretsa zoopsa m'dziko muno, monga kuphedwa kwa abale athu achialubino kumene kunakula kuyambira mu 2014, mpaka Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango mu 2016. Maganizo omwewo ndiwo amatichititsa kunena kuti mnzathu amene malonda akumuyendera ndi wokhwima. Dziwani kuti lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. M'malo momunena, pitani mukaone nthawi imene amatsegula, mmene amayezera ndi mmene amalankhulira ndi anthu. Mankhwala ake mudzawapeza pamenepo.

8. PA NTHAWI YA MAVUTO

Ife a kum'mawa kwa Shire tikudziwa madzi osefukira: a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Mitsinje yochokera kumapiri ikadzaza, mseu umaduka ndipo katundu safika. Pamenepo wogulitsa amayesedwa. Nzoona kuti mtengo wonyamulira umakwera, ndipo kuonjezera molingana ndi zimene mwaononga si kulakwa, afotokozereni ogula. Koma kubisa ufa, mchere kapena sopo kuti mudzagulitse kawiri kapena katatu mtengo wake kwa anthu amene nyumba zao zagwa, anthu saiwala. Mseu ukakonzedwa adzakudutsani. Amene anachita chilungamo pa nthawi ya madzi ndiye amakolola ogula atsopano madzi akaphwa.

9. MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Wopikula wofuna matumba 50 a mpunga sangaime pakhomo pa munthu wa matumba awiri. Koma alimi khumi akagwirizana mtundu umodzi wa mpunga, muyeso umodzi ndi mtengo umodzi, amakopa ogula akuluakulu amene mmodzi payekha sangawafike. Chimodzimodzi amayi a geni akhoza kusonkherana ndi kutuma mmodzi kukapikula ku Limbe, motero ndalama ya ulendo imachepa. Komiti ya msika ikhoza kukhala ndi sikelo imodzi yoyesedwa, yoti wogula aliyense wokayika akayezerepo. Msika ukatchuka ndi chilungamo, aliyense wogulitsamo amapindula. Ndipo ngati mulibe chimene wogula akufuna, mlozereni kwa mnzanu; mawa mnzanuyo adzalozera wina kwa inu.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Inu mukafuna kugula ndiwo kapena mpunga mumapita kwa yani? Tchulani zifukwa, osatchula maina.
2. Pa magulu a ogula amene tawatchula, ndi ati amene amapezeka pafupi ndi mudzi wathu koma sitiwafika?
3. Ndi njira ziti zachinyengo zimene zimachitika pamsika wathu? Zimaononga bwanji dzina la dera lathu?
4. Tingamuyankhe bwanji mwaulemu wachibale amene akufuna ngongole pamene mpamba ndi wochepa?
5. Nchifukwa chiyani timafulumira kuganizira zoipa mnzathu amene malonda akumuyendera?

ZOTI TICHITE MWEZI UNO

(a) Aliyense wa geni agule kope. Mbali ina alembe zogula, zogulitsa ndi ngongole. Mbali ina alembe zimene anthu afunsa koma iye analibe.
(b) Awerengere phindu la katundu mmodzi monga tachitira ndi dengu la tomato.
(c) Afunse ogula ake atatu akale funso ili: "Ndisinthe chiyani kuti muzitumiza anzanu kwa ine?" Amvetsere osadziteteza.
(d) Gulu lisankhe anthu awiri okakambirana ndi komiti ya msika za sikelo yoyesedwa ndi malo osambira m'manja.

Pa msonkhano wotsatira aliyense adzabwere ndi kope lake, ndipo adzatiuze ogula atsopano angati amene afika, ndi amene anawatuma.